Reamer siifuna mantha, ipatseni chakudya

Lachitatu lapitali cha m'ma 10 usiku ndili gone pa bedi kuno ku Turffontein, foni ngrrr, voice note ya mfana wina wakwathu ku Zomba amene anabwera ku Joni chaka chatha n'kupeza ntchito pa wekishopu ina mbali ya ku Jet Park. Mawu akunjenjemera, kumbuyo kukumveka compressor. "Achimwene pepani ndakudzutsani, reamer ikukulitsa bowo, ma piece 6 apita kale, mawa bwana andimaliza." Reamer ndi chida cha mano chimene timalowetsa m'bowo loboola kale ndi drill kuti lisalale n'kufika pa saizi yeniyeni. Ndinangomufunsa zinthu ziwiri, spidi wayika ingati ndipo feed, liwiro lolowera m'chitsulo, ingati. Akuti S900, ndiye kuzungulira ka 900 pa mphindi, F0.04, ndiye kulowa 0.04 mm pa kuzungulira kumodzi, reamer ya 10 mm ya HSS, chitsulo cholimba chopangira zida zodulira, chitsulo chodulidwacho EN8. Ndinaseka ndekha mpaka mayi a kunyumba anatembenuka kufunsa kuti kodi bambo mwayamba misala, koma sindimaseka mfanayo ayi, ndimadziseka ndekha, chifukwa manambala amenewo ndi pafupifupi omwewo amene anandiyalutsa ine zaka zapitazo, ngati tinakoperana mayeso.

Ine ntchito ya zitsulo ndinaphunzirira ku Blantyre pa lathe yamanja, mashini ozungulitsa chitsulo pochisema, ndipo pamenepo reamer sinandivutepo olo tsiku limodzi. Umaiyika ku tailstock, watsitsa giya, wathira mafuta, nde ukamazungulitsa handle dzanja lako lomwe limakuuza kuti apa ikudya bwino, apa yayamba kulimba, sumawerenga nambala iliyonse. CNC, lathe yoyendetsedwa ndi kompyuta, ndinadzaigwira kuno, mbali ya ku Booysens, ndipo miyezi yoyamba ntchito yanga inali kuyika chitsulo mu chuck yochigwira pozungulira, kutseka chitseko, kudina batani lobiriwira, basi. Tsiku limene kapitawo anandiuza kuti ndilembe ndekha pulogalamu ndinadzimva kuti ndafikapo. Ma bush 40 a chitsulo cha EN19, bowo la 12H7 lotulukira mbali inayo, kutalika 35 mm.

Kwa amene simunakumane nazo, 12H7 ndiye kuti bowo likhale pakati pa 12.000 ndi 12.018, osatsika osakwera. Ka 0.018 kameneko tsitsi limodzi la m'mutu ndi lonenepa kukaposa katatu kapena kanayi. Timayeza ndi plug geji, mbali ya go ilowe, mbali ya no-go ikane.

Nde ine ndinaganiza monga tinazolowera pa turning, kusema chitsulo chikuzungulira, kuti ukafuna chitsulo chiwale waliwali umakweza spidi n'kutsitsa feed. S800, F0.05. Reamer polowa inalira tswiiii ngati mbewa yagwidwa pa msampha, ine n'kumati ndi mmene imalilira. Ndayeza, go yalowa, chabwino. No-go nayo yalowa, lololo mpaka kutulukira uko. Mkati mwa bowo mokanda-kanda. M'malo moyima kaye n'kufunsa, ine ndinati ndiye kuti feed idakali yambiri, ndinatsitsa kufika 0.03 spidi n'kukweza 1000, ndipo ndinapitiriza choncho kusintha-sintha mpaka ma bush 9 ali mu bini ya sikirapu, makona a reamer asanduka a buluu. Safunsa anadya phula, ine ndinadya EN19, ndipo si chitsulo chotchipa.

Pa milling panali mdala wina wa ku Nkhotakota, wakhala ku Joni kuno kuyambira ine ndisanayambe sukulu, munthu wosayankhulayankhula. Anabwera akupukuta m'manja, anayang'ana pa sikirini, anachotsa reamer ija n'kundipatsa. "Mwana wanga, tawerenga mano." Ndinawerenga, 6. "0.05 yakoyo ugawe kwa anthu 6, aliyense adya zingati?" Ndinatenga foni, 0.008. Anangoti, "Nde ukudula chitsulo kapena ukuchisisita?" n'kubwerera ku mashini awo.

Nkhani yonse ya reamer yagona pamenepo. Feed timalemba pa kuzungulira kumodzi koma amene akugawana ndi mano onse, ndipo dzino likapatsidwa kachakudya kochepa kwambiri silingalume, limangotsetsereka pamwamba n'kumakhula, chitsulo chimatentha, timagawo tina timamatirira pa dzino n'kukhala ngati dzinolo lakula, ndipo timeneto ndi timene timakulitsa bowo ndi kukanda mkati. Ukawonjezera spidi ndiye wathira petulo pa moto. Komanso mantha aja oti feed yambiri isiya mizere ndi a pa turning, kumene insert, kachidutswa kodulira kaja, ili ndi kansonga kamodzi kokha kosiya timizere ngati ta m'munda. Reamer imadula ndi kachamfer kakutsogolo kaja ka 45 digiri, ndipo kumbuyo kwake kuli mbali zazitali zoongoka zimene zimabwera zikusalaza pomwe padulidwa, nde F0.2 pa reamer si F0.2 pa insert, ndi zinthu ziwiri zosiyana kutalitali.

Lamulo la akuluakulu limati spidi ya reamer ikhale theka la spidi ya drill kapena kupitirirako pang'ono, feed ikhale kawiri mwina katatu kuposa ya drill. Ndi lamulo labwino koma lili ndi msampha, ndipo mfana wa ku Zomba uja anakodwa pomwepo. Drill yake ndi ya carbide, yolimba ndi yopirira kutentha kuposa HSS, imathamanga S2200, iye anamva za theka zija n'kutsitsa mpaka 900 kumadziona ngati wasamala mopitirira. Lamulo lija linapangidwa nthawi imene drill ndi reamer zonse zinali HSS. Theka la carbide likadali moto kwa HSS.

Bola kungowerengera kuchokera pa chitsulo chomwe uli nacho. Tenga 318, chulukitsa ndi mamita pa mphindi amene chitsulocho chimalola, gawa ndi saizi ya reamer, yatuluka RPM. 318 ameneyu si wamatsenga ayi, ndi 1000 kugawa ndi 3.14 basi. Pa EN8 ndi reamer ya HSS ine ndimayambira pa mamita 10 pa mphindi, nde pa 10 mm ya mfanayo zimatuluka 318 yemweyo, ndinamuuza kuti lemba S320, F0.2. Pa EN19 yanga ija mamita 8, pa 12 mm ndi 212, ndimalemba S210 ndi F0.2, kutanthauza kuti dzino lililonse likudya 0.033, kanayi kuposa poyamba paja. S800 yanga ija inali mamita 30 pa mphindi, tangoganizani. Ndipo chodabwitsa n'choti sutaya nthawi, 800 kuchulukitsa 0.05 ndi 40 mm pa mphindi, 210 kuchulukitsa 0.2 ndi 42, liwiro lolowera ndi lomwelo, kungoti wina akutulutsa ndalama wina akutulutsa sikirapu.

Stainless, 304 ndi 316, ndiye mfiti yeniyeni. Ukangoisisita imalimba pomwepo ngati yakwiya, ndipo dzino lobwera pambuyo limapeza khungu lolimba kuposa lomwe linalipo. Pamenepo mamita 5 ndi okwana, pa 12 mm ndi cha m'ma S130, chuck imazungulira moti utha kuwerenga ma jaw ndi maso, ndipo mtima umakuuza kuti kweza pang'ono, osaumvera, komanso feed usatsitse pansi pa 0.15. Aluminium mamita 20 imalola bwinobwino ndipo feed 0.3 siidandaula, vuto lake ndi kumata pa mano ngati coolant ili yochepa. Brass ndi bronze cha m'ma 15. Reamer ikamakula saizi feed nayo ikwere, ya 6 mm cha m'ma 0.12, ya 20 mm 0.3 kapena kuposa. Awa ndi manambala oyambira, kenako geji ndi khutu zimakuuza kolowera. Ikalira kapena kunjenjemera tsitsa spidi, kweza feed, osati zosemphanitsa ngati ine. Reamer ya carbide imathamanga kawiri katatu kuposa pamenepa, ndipo zamakono zotulutsa coolant mkati zimapita patali kuposa apo, koma zimenezo tsatirani pepala la amene anaipanga, ndi zodula zoti ukathyola imodzi mwezi umenewo kumudzi sutumiza kanthu.

Tsopano za chakudya chomwe umaisiyira reamer, pamenepa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa chifukwa cha mantha omwewo. Munthu amaganiza kuti akasiya kochepa kwambiri reamer ipuma, igwira ntchito yopepuka. Ayi, ibwereranso ku kusisita kuja, ibuntha msanga, ndipo nthawi zina bowo limatuluka laling'ono go n'kukana. Ukasiya zambiri nazonso zinyenyeswa zimadzadza m'mipata ya mano, zimakanda, bowo limakula. Pa 10 mm boola 9.8, pa 12 mm 11.8, pa 20 mm 19.7, cha m'ma 2 peresenti ya saizi. Koma chonde yezani bowo drill ikatuluka, musamakhulupirire zolembedwa pa shank. Drill yonoledwa pamanja milomo yake ikasiyana kutalika, ya 11.8 imatha kukupatsani 11.95 inu osadziwa, reamer n'kupeza mbale yanyambitidwa kale.

Komanso reamer ilibe nzeru zake, imatsatira njira imene yaipeza. Drill ikakhota, reamer ikhota nayo. Nde ngati drawing ikufuna kuti bowo likhale pakati ndendende ndi kunja kwa bush, ine ndimaboola ndi drill yocheperapo, ndidutsitse ka boring bar kuongola mpaka 11.8, ka chamfer pakamwa kuti mano onse 6 agwire nthawi imodzi, kenako reamer. Kapitawo amadandaula kuti masekondi akuchuluka, ine ndimangokhala chete chifukwa bini ya sikirapu ija tonse timaiona.

Mu pulogalamu muli kanthu kamodzi koti mukaiwala mudzamva ndi khutu musanaone ndi maso. Ukamachita facing kapena turning umakhala pa G96, mashini amasintha RPM okha malinga ndi pomwe X ili. Reamer imakhala pa X0, ndipo G96 pa X0 imathamangitsa spindle mpaka pomwe G50 yatsekera, ngati munalemba 2500 nde reamer yanu ilowa pa 2500. G96 siichoka yokha mukasintha tool, imakhalabe mpaka muichotse. Nde mzere woyamba ukhale G97 S210 M03. Pa control ya Fanuc imene ndimagwiritsa ntchito feed ya pa kuzungulira ndi G99, pa Siemens ndi G95, onetsetsani kuti mwadziwa yanu. Kenako G00 X0 Z3.0 M08, kulowa G01 Z-38.0 F0.2, ndapitiriza ndi 3 mm kuti kachamfer kaja katulukire kunja, apo bii kumapeto kwa bowo kutsala kothina. Kutuluka G01 Z3.0 F0.5, spindle ikuzungulirabe mbali yomweyo. Palibe peck, kulowa-kutuluka kuja ngati pa drill, palibe kuyima mkati kudikira, ndipo kubweza spindle cham'mbuyo reamer ili mkati ndi kuipha, mano ake amaphwanyika makona. Mu 2023 nthawi ya kuzimazima kwa magetsi kwa stage 6, magetsi anandithimira reamer ili pakati pa bowo, atayaka ndinaitulutsa pang'onopang'ono ndi handwheel uku dzanja lina likuzungulitsa chuck mbali yomwe imadulira, piece inapita koma reamer inapulumuka.

Tibwerere kwa mfana uja. Anasintha manambala, patapita mphindi 20 voice note ina. "Achimwene kulira kwasiya, mkati mwasalala see, koma no-go ikulowabe pakamwa cha m'ma 5 mm kenako n'kukana." Ndinamuuza kuti tsopano manambala asiye, asawakhudzenso, vuto latsalalo si la spidi. Bowo lotambasuka pakamwa ngati lipenga limatanthauza kuti reamer siili pakati pa spindle, ikulowa cham'mbali, nde imayamba yadya pakamwa isanaongoke. Ndinamufunsa ngati turret, pomwe timamangirira ma tool, inagundidwapo posachedwa. Anakhala chete kaye, kenako akuti a shifiti ya masana anagunditsa sabata yatha koma anati palibe chavuta. Amatero onse kkkk.

Pa mill reamer ndi imene imazungulira, pa lathe imangokhala chilili chitsulo n'kumazungulira, nde ikapatuka pang'ono palibe chomwe chingaibweze pakati. Muyike dial, choyezera cha nsingano ngati wotchi, pa chuck, kansonga kagwire pa shank ya reamer pafupi ndi holder, spindle ikhale free, muzungulitse ndi dzanja. Ine ndimafuna nsingano isasunthe kupitirira 0.02 kuzungulira konse, pa H7 ya mabowo ang'onoang'ono 0.01 ndiye mtima umakhala pansi. Kumbukirani kuti dial imaonetsa kawiri, ikasuntha 0.06 ndiye kuti mwapatuka ndi 0.03, koma poti X pa lathe timawerenga mwa diameter, mu offset, nambala yosunthira tool mu mashini, mumalemba 0.06 yemweyo, kungosamala kuti plus kapena minus. Muyezenso kutsogolo pafupi ndi mano, chifukwa itha kukhala pakati kumbuyo koma yapendekeka. Mbali ya X imakonzeka ndi offset mosavuta. Ikakhala kuti yakwera kapena yatsika, pa lathe ya ma axis awiri palibe batani lokonzera, pamafunika kumasula turret n'kuibwezeretsa, kapena kugula floating holder yomwe imalola reamer kuyandama pang'ono n'kudzipezera pakati yokha. Floating holder ndi yodula inde koma bwana aliyense amene amachita ream sabata ndi sabata n'kumakana kuigula ndimamuona ngati munthu wokana kugula loko pomwe akuba amubera kale kawiri. Dial ya mfana uja inaonetsa 0.08, mwamwayi yonse mbali ya X.

Za coolant sindichulutsa. Madzi ooneka ngati mkaka aja akhale okhuthala, ine pa reaming ndimafuna refractometer, choyezera kukhuthala kwake, ionetse 8 mpaka 10 peresenti, osati aja ongowonjezera madzi a pampopi mwezi wonse mpaka asanduka tiyi wopanda mkaka. Paipi iloze m'bowo, osati pa chuck. Ndipo yang'anani mano a reamer yanu akhotera kuti, ya left hand spiral imakankhira zinyenyeswa kutsogolo nde ndi ya bowo lotulukira, mukailowetsa mu bowo lotseka ikaunjika zonse pansi n'kudzitsekera yokha. Bowo lotseka limafuna yokokera zinyenyeswa kumbuyo, kapena yoongoka ngati si lakuya.

Pali zina ziwiri zimene zimanamiza anthu kuti manambala alakwika pomwe ali bhobho. China ndi chuck. Bush ya khoma lopyapyala ukaimanga ndi pressure yonse ya hydraulic imafinyika, reamer imadula bowo lozungulira bwinobwino lili lofinyidwa, ukamasula chitsulo chimabwerera ndipo bowo limatsala la makona atatu, geji imalowa mokakamira mbali zina. Tsitsani pressure, kapena dulani ma soft jaw ogwira mozungulira. China ndi kuzizira kwa kuno. Amene simunafike ku Joni mu June ndi July musamaganize kuti kuzizira kwa ku Dedza ndiye mapeto, kuno m'mawa zala zimakana kugwira micrometer. Miyezo yonse imawerengedwa pa 20 digiri. Pa chitsulo cha 12 mm kusiyana kwake ndi kochepa, koma aluminium imafutukuka kawiri kuposa chitsulo, bowo la 30 mm likatentha ndi madigiri 15 limakula ndi 0.01, pomwe H7 ya saizi imeneyo ndi 0.021 yokha, theka lapita. Nde piece yangotuluka mu mashini yofunda, geji yagona pa tebulo lozizira usiku wonse, muziika pamodzi kaye zifanane musanayambe kutukwana reamer.

Reamer ikatha ntchito ibwerere mu kachubu kake ka pulasitiki. Ndikaona munthu akuiponya mu drawer pamodzi ndi ma tap ndi ma allen key ndimamva kuwawa ngati wandiponda chala, kakona kamodzi kakangobenthuka ndi bowo lililonse lidzakhala ndi mzere.

Cha m'ma 12 koloko foni inaliranso, ulendo uno chithunzi, go yalowa yonse mpaka handle, chachiwiri no-go yaima pakamwa gwa. Pansi walemba kuti achimwene Mulungu akudalitseni, nanga ma piece 6 aja ndimuuza bwanji bwana. Ndinamuuza kuti usawabise pansi pa zinyenyeswa, amapezeka, uwaike pa tebulo pamodzi ndi pepala lolemba 0.08 ya pa dial ija ndi manambala ako akale ndi atsopano, unene zonse ziwiri, zako ndi za turret. Lamlungu anabwera kunyumba atanyamula kajumbo ka usipa umene mlongo wake anatumiza pa basi ya ku Park Station, akuti bwana anakalipa pang'ono kenako anaitana munthu wodzaongola turret. Nsima ili pamoto anatulutsa foni kundionetsa drawing ina, 316, bowo la 8H7 lotseka, lakuya 60 mm, akuti Lolemba. Ndinamuuza kuti tidye kaye.